PHUNZIRO: MOYO WA MAI NDI MOYO WA MWANA

Pa Kasisi, m'boma la Chongwe kum'mawa kwa Lusaka, pali nyumba yolereramo ana amasiye. Misyoni ya Kasisi anaiyamba ansembe a Jesuit m'caka ca 1905. Nyumba ya anayo inatsegulidwa mu 1926, ndipo mu 1928 anailandira Asisiteri ocokera ku Poland. Makanda ena afika kumeneko cifukwa amai ao anamwalira pobereka, ena cifukwa anasowa wowalera. Cotero nyumba imeneyi ikumbutsa anthu funso lolemera: mkazi akakhala ndi pathupi pomdzetsera tsoka kapena manyazi, coyenera kucita n'ciani?

Lamulo la dziko

M'caka ca 1972 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazika lamulo lolola kucotsa pathupi m'cipatala, ngati madotolo atatu abvomereza kuti moyo kapena thanzi la mai liri pangozi, kapena thanzi la ana ace ena, kapenanso kuti mwanayo adzabadwa ndi cilema cacikuru. Pa ngozi yadzidzidzi dotolo mmodzi akwanira. Caka comweco Maepiskopi Acikatolika analemba kalata yotsutsa lamulolo. Mu 1991 Purezidenti Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko Lacikristu, koma lamulolo silinacotsedwe. Mu 2005 cilolezo cinaonjezedwa kwa mtsikana wamng'ono wogwiriridwa. Mu 2016 anthu anafunsidwa pa voti ngati afuna mutu watsopano wa maufulu, umene unanenanso kuti moyo wa munthu uyamba pamene mai atenga pathupi. Koma obvomera sanafike pa ciwerengero cofunika, ndipo mauwo sanalowe m'malamulo.

Ziphunzitso zosiyana

Akatolika aphunzitsa kuti mwana ndi munthu kuyambira tsiku loyamba, ndi kuti kumcotsa dala ndi chimo lalikuru. Komabe alola kuciza nthenda yoopsa ya mai, ngakhale mwana angatayike osafuna. Mu 1968 Papa Paul VI anakananso mankhwala olera.

Mabishopu a Angilikani, pa msonkhano wao wa ku Lambeth mu 1930, analola okwatirana kulera pa zifukwa zomveka, koma kucotsa pathupi anakutsutsa. Mipingo yambiri ya Aprotestanti iyenda njira yofanana: ikana kucotsa mwana, koma ilola pamene palibe njira yina yopulumutsira mai.

Aphunzitsi ambiri Acisilamu anena kuti mzimu ulowa mwa mwana patapita masiku 120. Isanakwane nthawiyo ena alola pa cifukwa cacikuru. Itapitirira, alola pokhapo mai ali pafupi kufa.

Makolo naonso anali ndi mwambo wao. Pakati pa Acewa, pathupi pakapita padera, akazi okha ndiwo anaika kakhandako, popanda maliro a mudzi wonse. Koma wocotsa dala anamuyesa wopalamula mlandu woipitsa mudzi.

Pamene onse akomana

Onsewa asiyana pa malire, koma palibe mmodzi wa iwo wonena kuti moyo wa mwana ngwacabe, kapena kuti mai ayenera kufa m'tseri. Komatu m'tseri ndimo mufera ambiri. Mtsikana woopa atate wace, woopa kucotsedwa pa sukulu kapena kuikidwa pa cilango mu mpingo, amwa mizu yowawa kapena adzibaya ndi kamtengo ka cinangwa. Mwazi ukayamba kutayika, abisala m'nyumba kufikira nthawi yatha. Pamenepo mudzi utaya miyoyo iwiri, ndipo mwamuna amene anampatsa pathupi ayenda mfulu, osafunsidwa kanthu.

Cifukwa cace Mkristu, wa mpingo uli wonse, ali ndi nchito zitatu. Yoyamba, kuthamangira naye ku cipatala mkazi wotaya mwazi, osayamba kumfunsa mlandu. Yaciwiri, kuitana mwamunayo kuti asenze katundu wace. Yacitatu, kukonzera malo mwana wobadwa mosayembekezeka, monga acitira Asisiteri a pa Kasisi; pakuti wouza mtsikana kuti asunge pathupi ayenera kukhala wokonzeka kumpatsa ufa, nsaru ndi pogona.

Mafunso okambirana: Kodi mtsikana wa mumpingo muno atagwa m'bvuto lotere, angapite kwa yani wosamcititsa manyazi? Nanga akulu a mpingo alanga mkazi yekha, kapena mwamunanso?