Phunziro la Lero: Chimene Lilime Limamva mu Vinyo ndi mu Thobwa

Tsekani mabuku kaye, ana inu, muyang'ane kuno. Dzulo mmodzi wa inu anandifunsa chifukwa chake anthu ena akatsegula botolo la vinyo pa chakudya amayamba anunkhiza, kuzunguza tambula, kenaka n'kumakambirana ngati akuzenga mlandu. Iye ankaganiza kuti ndi matama chabe. Ine ndikuti zimene amakambazo zili ndi magwero ake, ndipo magwerowo mukuwadziwa kale kuchokera kukhitchini kwa amayi anu.

Tiyambe ndi liwu lenilenilo. Vinyo ndi liwu lobwereka ku Chipwitikizi, kumene amalemba vinho. Pamene Alexander Hetherwick ankatsegula mishoni ino ya Domasi mu 1884, katundu wambiri wochokera kunja ankalowera ku Quelimane, n'kukwera ndi Zambezi ndi Shire, kudutsa m'dera la Apwitikizi. N'zosadabwitsa tsono kuti liwu limene mumalimva pa Mgonero wa Ambuye linachokera mbali imeneyo.

Tsopano ganizani za thobwa. Amayi amaphika phala, likazizirako n'kuthiramo chimera cha mawere, ndipo phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Chimera chaphwanya sitachi wa mu ufa kukhala shuga. Mukausiya mtsuko uja masiku angapo, mudzamva ukuchita phokoso la pansipansi, thovu likutuwa pamwamba, fungo litasintha. Tizamoyo tosaoneka ndi maso, yisiti, tikudya shuga uja n'kumatulutsa zinthu ziwiri: mowa ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Louis Pasteur wa ku France ndiye anatsimikiza, kuyambira mu 1857, kuti kuwira kotere ndi ntchito ya zamoyo. Mphesa sizifuna chimera chifukwa shuga zili naye kale. Mukangozifinya, yisiti amayamba ntchito. Vinyo wambiri wa patebulo amakhala ndi magawo 11 mpaka 14 a mowa pa 100 alionse, chifukwa mowa ukachuluka kwambiri yisiti yemweyo amafooka. Kachasu ndi nkhani ina: amachita kutcheza pamoto, n'chifukwa chake ndi waukali chotere.

Ndikusimbireni zimene ndinaona ndi maso anga. Malume anga anagwira ntchito zaka zambiri ku Cape Town. Tsiku lina la Khirisimasi anabwera ndi botolo la vinyo wofiira wotchedwa Pinotage, mtundu wa mphesa umene Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri. Azakhali anali ataphika mpunga ndi nyama ya mbuzi. Malume anathira pang'ono chabe, zala ziwiri, n'kuyang'anitsa tambulayo pawindo. Mnzawo amene anali naye analawa asanadye kanthu, nkhope n'kukwinyika, nati m'kamwa mwauma gwa. Malume anamupatsa nthuli yonona kuti atafune kaye. Atalawanso anakhala chete, kenaka anati ngati asintha botolo.

Botolo linali lomwelo. Munalumapo nthochi yosapsa kapena suku laliwisi? Khambi limene limagwira lilime lija limachokera ku zinthu zotchedwa tanini. Mu tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'tiketulo mulinso. Tanini amakhala m'makoko ndi m'njere za mphesa, ndipo vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makoko ake, n'chifukwa chake ali ndi mtundu umenewo ndi khambi lomwe. Tanini amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, m'kamwa n'kusiya kuterera. Mukadya nyama ya mafuta, khambi lija limachepa. Vinyo woyera amawira popanda makoko, amakhala wowawasa pang'ono, ndipo anthu amamukonda ndi nsomba pa chifukwa chomwe inu mumafinyira ndimu pa chambo kapena makumba a ku Chilwa.

Nanga kununkhiza kuja? Lilime palokha limadziwa zochepa: kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama. Zina zonse ndi ntchito ya mphuno. Kumbukirani mmene nsima ndi ndiwo zimazizirira mukadwala chimfine. Munthu akazunguza tambula akufuna fungo likwere, ndipo akati akumva ngati mapulamu kapena utsi, akufanizira ndi zimene mphuno yake inakumanapo nazo. Agogo anu akalawa thobwa n'kunena kuti chimera chachepa, kapena kuti ili ndi la dzana, akuchita zomwezo, ndipo ine ndimaulemekeza ukatswiri wawo chimodzimodzi.

Mphesa za vinyo kuno zimavuta chifukwa mvula yathu imagwa nyengo yotentha, zipatso n'kumaola zisanakhwime bwino. Ku Cape mvula imagwa nyengo yozizira, dzuwa n'kumapsetsa mphesa pouma. Kumeneko vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 February 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck. Koma yisiti sasankha chipatso. Ku Lilongwe a Linga Wine amapanga vinyo wa jambula, magwafa, sitiroberi ndi chidede, ndipo ku Karonga amayi ena amapanga wa nthochi. Ndikaona zipatso zimene anyamata amagulitsa pamsewu wokwera ku Ku Chawe zikufota ndi dzuwa, mtima umandiwawa, chifukwa mmodzi wa inu wokhoza sayansi akanatha kuzisandutsa jamu, juwisi kapena vinega wogulitsa.

Ndikudziwa kuti ambiri muno, Akhristu ndi Asilamu omwe, kwanu sakhudza mowa, ndipo lamulo la dziko lino sililola kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Palibe amene alawe kanthu m'kalasi muno. Mawa gulu lililonse libwere ndi botolo lopanda kanthu, baluni, masupuni awiri a shuga ndi yisiti wa mandasi. Madzi ofunda ndibweretsa ndine. Tidzamanga baluni kukamwa kwa botolo pa piriyodi yoyamba, ndipo pofika nthawi ya buleki mudzayeze ndi ulusi mmene yatupira, mulembe m'makope mwanu.