Tsitsi la Mwana Likamathothoka, Tipite kwa Yani?

Amayi, pa sikelo timaona ana ambiri ali ndi mabanga otuwa, ozungulira, pamutu pomwe tsitsi laduka. Nthendayi ndi chipere. Chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa chuku kamene kamalowa m'tsitsi mpaka ku muzu wake. Chimafala kudzera m'chipeso, chipewa, zofunda ndi makina ometera osatsuka. Agalu ndi amphaka nawonso amapatsira ana.

Chipere chimachizika ndipo tsitsi limameranso. Koma chikalekereredwa, kapena chikagwa m'manja mwa munthu wosaphunzira ntchito, mutu umatupa ndi kutuluka mafinya, ndipo pochira pamatsala chipsera. Pa chipsera tsitsi silimeranso. Dazi lotere mwana amakula nalo.

Ena mwa inu munamva kuti madokotala amatha kuwokera tsitsi. Nzoona. Dokotala amazula mizu ya tsitsi kunkhongo ndi kuibzala pa dazi, monga momwe timawokera mbande za fodya kuchokera ku nazale. Ntchitoyi imachitika m'mizinda monga Johannesburg ndi Istanbul, kawirikawiri pa anthu akuluakulu, imadya ndalama zambiri, ndipo zotsatira zake zimaoneka bwino patatha pafupifupi chaka. Ngakhale kumeneko anthu ena amavulazidwa ndi osaphunzira. Tsono ngati kubweza tsitsi pa chipsera kuli kovuta chotere, botolo la mafuta la pamsika silingathe. Chofunika ndi kuteteza mizu isanafe, posankha bwino wochiza mwana wanu.

Kodi wodziwa ntchito tingamzindikire bwanji? Lamulo la chaka cha 1987 linakhazikitsa bungwe la Medical Council of Malawi. Dokotala, clinical officer ndi medical assistant aliyense ayenera kulembedwa m'kaundula wa bungweli, chimodzimodzinso chipatala cholipira chimene munthu watsegula payekha. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo. Mukalowa m'chipatala chotere, pemphani kuona chikalata chake. Kufunsa si mwano ayi. Wokwiya ndi funso lotere ndiye woyenera kumkayikira.

Onaninso kagwiridwe kake ka ntchito. Wophunzira amayang'ana mutu wonse, amagwira m'khosi kufuna mwanabere, ndipo amafunsa ngati ana ena pakhomo ali ndi zipere. Amayeza mwana pa sikelo, chifukwa muyeso wa mankhwala umatsata kulemera kwake. Kawirikawiri amapereka mibulu yotchedwa griseofulvin, yomwa tsiku ndi tsiku kwa milungu 6 mpaka 8. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chamafuta, monga phala lotsira nsinjiro. Odzola okha safika ku muzu wa tsitsi. Musaleke kumwetsa mwana poona kuti banga layamba kuzimirira. Apa mpomwe amayi ambiri amalakwitsa, chipere n'kubwereranso.

Wophunzira amalemba zonse m'buku la mwana la kuchipatala, ndipo nthenda ikamkanika sabisa. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo kapena chipatala chapafupi, monga cha Nsaru kapena Nambuma. Zikavuta adzakutumizani ku Kabudula, ku St Gabriel's ku Namitete, kapena kwa oona za khungu ku Kamuzu Central Hospital.

Pewani wobaya jakisoni woyendayenda m'midzi ndi wogulitsa mibulu yopanda dzina pa tsiku la msika. Mafuta ena oyeretsa khungu amaziziritsa kuyabwa pamene chipere chikukula. Madzi a batire, mafuta a mabuleki ndi mphini zimapsereza kapena kung'amba khungu, ndipo ndizo zimasiya chipsera chija.

Si kuthothoka konse kuli chipere. Mwana amene tsitsi lake lafiira, lapyapyala, likuzuka mosavuta, miyendo n'kutupa, akudwala kwashiorkor. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kuluka kothina kumazula tsitsi la m'mbali mwa chipumi, choncho ana aakazi muziwaluka momasuka. Inunso amayi, tsitsi likamatsalira m'chipeso patatha miyezi itatu chibadwire mwana, musataye ndalama pa mankhwala: kawirikawiri limabwerera lokha mwana akamakwanitsa chaka.