Tiphunzire Chingerezi: "marching orders", akukutumani kapena akukuchotsani?

Mwezi wathawu mlamu wanga, amene amagwira ntchito ya ulonda ku Msasa, analandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa kapitawo wake. Uthengawo unali waufupi: "Come to the office at seven and get your marching orders." Atangowerenga, thupi lonse linazizira. Mawu amenewa anali atawamvapo pa wailesi, wosewera mpira akutulutsidwa m'bwalo, ndiye anangoti basi, ntchito yatha. M'mawa mwake sanapite. Anaona kuti kulipira kombi kuchokera kuno ku Caledonia kukangomva zoti wachotsedwa n'kutaya ndalama. Chonsecho kapitawoyo ankangofuna kumuuza za malo atsopano okalondera. Anamudula malipiro a tsiku limenelo, ndipo kunangotsala pang'ono kuti ntchito itheredi pomwepo.

Abale ndi alongo, mawu awiriwa ali ndi matanthauzo awiri osiyana kwambiri. Tiyeni tiwaone bwinobwino kuti zimene zinamuonekera mlamu wanga zisatichitikire.

Kumene mawuwa anachokera

"March" ndi kuguba, pamene "orders" ndi malamulo. Ku usilikali, "marching orders" ndi lamulo lochokera kwa mkulu wa asilikali louza gulu kuti linyamuke, lilowere kuti komanso nthawi yanji. Agogo athu amene analowa m'gulu la King's African Rifles n'kukamenya nkhondo ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankalandira malamulo otere. Taonani kuti lamulo loguba limachita zinthu ziwiri: limakuuza chochita, komanso limakunyamutsa pamalo pamene uli. Matanthauzo awiri amene alipo masiku ano anachokera pamenepo.

Tanthauzo loyamba: malangizo ochokera kwa bwana

Apa munthu wauzidwa ndi wamkulu wake ntchito yoti achite, ndipo chatsala n'kuyamba. Anthu a ku America ndi amene amakonda kuwagwiritsa ntchito chonchi, koma mungawamvenso m'maofesi ndi m'mabungwe kuno.

"We got our marching orders for Monday." Tauzidwa zoti tikachite Lolemba.

"The volunteers have their marching orders: visit every house in the section." Ogwira ntchito mongodzipereka auzidwa kale chochita: afike nyumba iliyonse m'chigawomo.

Tanthauzo lachiwiri: kuchotsedwa

M'Chingerezi cha ku Britain, chimene masukulu ndi manyuzipepala a ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia amatsatira kwambiri, mawuwa nthawi zambiri amatanthauza kuuzidwa kuti uchoke. Mungawapeze m'malo atatu.

Pa mpira: wosewera akapatsidwa khadi lofiira, atolankhani amalemba kuti "he was given his marching orders". Zinedine Zidane wa timu ya France zinamuchitikira pa fainolo ya World Cup ya 2006 ku Berlin, atagunda Marco Materazzi wa Italy ndi mutu pachifuwa.

Pa ntchito: "She got her marching orders after coming late three times." Anamuchotsa ntchito atachedwa katatu.

Pa malo okhala kapena ogulitsira: "The tenants were given their marching orders." Anthu a lendi auzidwa kuti asamuke. Amene anaona chaka cha 2005, pamene mabanja ogwetseredwa nyumba ankasungidwa pa famu ya Caledonia, akudziwa kulemera kwa uthenga wotere. Choncho mukaona mawuwa m'nyuzipepala pafupi ndi dzina la dera lanu kapena msika wanu, werengani nkhani yonse mpaka kumapeto, kapena pezani wina akuwerengereni.

Tingasiyanitse bwanji?

Choyamba, onani mawu amene akubwera pambuyo pake. Ngati akutchula tsiku likubwera, malo opitako kapena ntchito yoti ichitike, ndiye kuti ndi malangizo. Ngati akutchula cholakwa, monga kuchedwa, kuba kapena ndewu, ndiye kuti ndi kuchotsedwa.

Chachiwiri, onani amene akunenedwa. Gulu likamanena lokha kuti "we have our marching orders", kawirikawiri latumidwa ntchito. Koma akamanena za munthu mmodzi kuti "he was given his marching orders", osawonjezerapo china, kawirikawiri wachotsedwa.

Chachitatu, funsani. Uthenga umene mlamu wanga analandira sunatchule ntchito kapena cholakwa, ndiye ngakhale munthu wodziwa bwino Chingerezi akanakayikira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nazi ziganizo zaulemu zimene mungaloweze:

"Excuse me, sir, do you mean instructions for the job?" Pepani bwana, kodi mukunena malangizo a ntchito?

"Am I still employed here, madam?" Mayi, kodi ndikadali pa ntchito pano?

"Please put it in writing for me." Chonde ndilembereni papepala.

Ngakhale zitakhala kuti akukuchotsanidi, pitanibe kumene akuitanani. Mukangokhala kunyumba, bwana angathe kunena kuti munathawa nokha ntchito. Pemphani kalata ndi malipiro a masiku amene mwagwira. Lamulo la zantchito la dziko lino, lotchedwa Labour Act, limanena za notisi imene wantchito ayenera kupatsidwa, choncho sungani kalatayo ndi mauthenga a pa foni kuti mukaonetse kwa okuthandizani.

Nanga ife tiziwalankhula?

Ndi bwino kuwamva, koma samalani powalankhula. Musauze bwana kuti "Give me my marching orders", chifukwa angamve ngati mukumuderera kuti akuchotseni ngati akufuna. Mukafuna kudziwa chochita, nenani mawu osavuta awa: "What are my instructions for today?" kapena "What should I do first?" Wina akakufunsani chifukwa chimene mwatsekera geti, yankhani kuti "I am acting on the supervisor's instructions", kutanthauza kuti ndikuchita zimene kapitawo wandiuza.

Dziyeseni

Pa ziganizo zitatuzi, n'chiti chikunena za malangizo ndipo n'chiti chikunena za kuchotsedwa? Yankhani musanaone mayankho m'munsimu.

1. "The defender got his marching orders in the second half at Rufaro."
2. "We have our marching orders: finish the wall by Friday."
3. "The manager will give you your marching orders tomorrow."

Mayankho: Choyamba ndi kuchotsedwa, wotchinga kumbuyo wapatsidwa khadi lofiira m'chigawo chachiwiri pa bwalo la Rufaro. Chachiwiri ndi malangizo, khoma lithe pofika Lachisanu. Chachitatu chingakhale chilichonse mwa ziwirizi. Mukalandira uthenga ngati umenewu, imbani foni kapena lembani funso tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake mufike pa nthawi yake.