Kwa Inu Amene Mwangogula Tizidole Tanu Toyamba

Ana anga, ndaona kuti mwalowa m'masewera a Warhammer 40,000, ndipo mwalowamo ndi miyendo yonse iwiri. Sindikuletsani. Ine ndinawaphunzira ndikugwira ntchito ku England, imvi zisanabwere, ndipo mpaka lero tepi yoyezera ndi madayisi sizichoka m'chikwama changa. Koma takhalani pansi kaye. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Masewerawa kwawo ndi ku Britain. Kampani ya Games Workshop, imene likulu lake lili ku Nottingham, inawatulutsa mu 1987, ndipo amene analemba malamulo oyamba ndi Rick Priestley. Anthu awiri amaima moyang'anizana patebulo, aliyense ndi gulu lake la asilikali a pulasitiki amene wamata ndi kupenta yekha. Mtunda amayeza m'mainchi. Kuwombera, kuvulaza ndi kudziteteza, zonsezo amagamula ndi madayisi a mbali 6. Pa nkhondo yaikulu aliyense amabwera ndi gulu la mapointi 2000, tebulo limakhala la mainchi 44 ndi 60, ndipo maraundi ndi 5 basi. Ndiyankhula za malamulo amene anatuluka mu 2023. Adzasinthanso, koma uchitsiru umene ndikufuna kukuuzani susintha, chifukwa ndinauchita pa malamulo akale ndi atsopano omwe.

Wopambana si amene wapha ambiri. Ndibwerezanso, chifukwa ndikudziwa kuti zalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Wopambana si amene wapha ambiri. Patebulo pamakhala malo oikidwa chizindikiro, amene osewera amati ma objective, ndipo zigoli zochuluka zimachokera pa kugwira malowo raundi ndi raundi. Pa mipikisano, mwa zigoli 100 zimene munthu angapeze, 50 zimachokera pa ntchito yaikuluyi, 40 pa ntchito zina zapadera, 10 pa kungobwera ndi gulu lopentedwa bwino. Werengani nokha.

Ine ndinali munthu wa akasinja. Gulu langa linali Astra Militarum, asilikali wamba a anthu, ndipo ndinkakonda kufola akasinja a Leman Russ kumbuyo kwa tebulo n'kumasakaza chilichonse choyenda. Ndinkamva kukoma mnzanga akamachotsa tizidole take patebulo, kamodzikamodzi, n'kumabwezera m'bokosi. Pa mpikisano wina ndinakumana ndi mkulu wosewera ndi gulu la Orks. Ndinamuphera pafupifupi gulu lonse. Zimphona zake zinagwa, magalimoto ake anapsa. Iye ankangomwetulira, uku tizilombo take tating'onoting'ono totchedwa Gretchin, timene sindinkatiwerengera n'komwe, titabisala kuseri kwa mabwinja, titakhala phee pa ma objective. Pamene tinawonkhetsa zigoli, anandiposa kutalitali. Ndinabwerera kunyumba ndikung'ung'udza kuti malamulo ndi opanda chilungamo. Malamulo analibe mlandu. Pepala la ntchito linali patebulo pomwepo kuyambira poyamba, ine osaliwerenga. Ndipo sindinaphunzire tsiku limenelo, ayi. Ndinapitiriza kuluza motero kwa zaka.

Taonani mmene malamulo a 2023 amanenera poyera. Msilikali aliyense ali ndi nambala yosonyeza mphamvu yake yogwirira malo. Msilikali wamba wa ku Cadia ali ndi 2. Kasinja wa Leman Russ, ndi kukula kwake konse, ali ndi 3. Ndiye kuti anyamata 10 onyozeka aja akaima pa objective amakhala ndi 20, kasinja uja n'kungokhala chidzete pambali pawo. Komanso gulu likatsala ochepera theka limayesedwa mtima, ndipo likalephera, nambala ija imagwa kufika pa 0: lilipo ndithu, koma silikugwira kanthu. Choncho musananyamule dayisi, dzifunseni kuti raundi ikubwerayi ndani adzaime pati. Mukayankha limenelo, m'pamene muziona woti mumuwombere. Nthawi zambiri si chimphona chija chikukuopsani. Ndi kagulu kaja mukukanyoza.

Asilikali otchipa ali ndi ntchito inanso. Magulu ena a adani amatsika kuchokera kumwamba pakati pa nkhondo, ndipo lamulo limati atere patali kuposa mainchi 9 kuchokera pa msilikali wanu aliyense. Mukamwaza anyamata anu mwanzeru kumbuyo ndi m'mbali, mdani amasowa potera. Mukawaunjika pamodzi chifukwa cha mantha, mwamutsegulira khomo la kuseri. Ine ndinaluza akasinja ambiri chifukwa cha khomo limenelo.

Tsopano za madayisi. Dayisi alibe m'bale. Sakudziwani, sakukondani, sakudani.

Mukatsitsa gulu lanu patali mainchi 9 n'kufuna kuthamangira mdani nthawi yomweyo, muyenera kuponya madayisi 2 n'kupeza 9 kapena kuposa. Madayisi 2 angagwe m'njira 36. Mwa njira zimenezo, 10 zokha ndi zimene zimakupatsani 9 kupita m'mwamba. Njira 26 zikukusiyani pamtetete, mfuti zonse za mdani zitakulozani. Ngakhale mutalipira kuti muponyenso kachiwiri, mwayi wanu sufikabe theka. Ine ndinkamanga nkhondo yonse pa kuponya kumodzi kotere, zikakanika n'kumati tsoka. Silinali tsoka. Anali masamu, ndipo masamuwo ndinkawathawa monga ndinkachitira kusukulu.

Phunziraninso kuwerenga musanawombere. Msilikali wamba amalasa akaponya 4 kupita m'mwamba, ndiye theka la zipolopolo limapita padera. Mfuti yake ndi yofooka poyerekeza ndi thupi la msilikali wamphamvu wotchedwa Space Marine, motero imavulaza pokhapokha aponye 5 kapena 6. Kenako Space Marine amadziteteza ndi chovala chake akaponya 3 kupita m'mwamba. Mukachulukitsa zonsezi mupeza kuti, popanda thandizo lina, pa zipolopolo 18 chimodzi chokha n'chimene chimalowa, ndipo Space Marine amafuna mabala 2 kuti agwe. Zipolopolo 36 pa munthu mmodzi! Mukadziwa zimenezi simudzakwiyanso kuti gulu lonse lawombera koma palibe wagwa. Mudzaloza mfutizo kwina kumene zingagwire ntchito. Wosewera bawo wodziwa amawerenga nkhomo asanatape. Inunso werengani, ndipo nthawi zonse mukhale ndi chochita china ngati dayisi akana.

Chimene chinandipweteka kwambiri si kuluza. Ndi mkangano.

Ndinali ndi mnzanga amene tinkasewera naye kawirikawiri, munthu wofatsa, amene anandiphunzitsa ngakhale kagwiridwe ka burashi. Tsiku lina tinasemphana pa kanthu kakang'ono: kodi kasinja wanga akuona msilikali wake kudzera pa zenera la bwinja, kapena ayi? Nkhani ya theka la inchi. Ndinakweza mawu. Ndinatsegula buku, n'kumaloza mzere ndi chala, anthu a matebulo ena atasiya zawo akutiyang'ana. Iye anati, "Chabwino, achimwene, womberani." Ndinawombera, ndipo ndinapambana. Kuyambira pamenepo, ndikamuitana ankati watanganidwa. Ena nawonso anayamba kutanganidwa. Ndinkafika ku kalabu ndi bokosi langa lolemera, n'kukhala pampando ndikuonerera anzanga akuseka, gulu langa lili chitsekere. Masewerawa sungasewere wekha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Choncho mverani. Musanayambe, gwirizanani za bwinja lililonse ndi phiri lililonse: apa pakubisa, apa sipakubisa. Mukamasuntha msilikali nenani cholinga chanu mokweza, kuti "ndikumuika apa kuti asaoneke, mukuvomereza?" Mnzanu akavomera, nkhani yatha. Ngati gulu lanu lili ndi lamulo lachinsinsi limene lingamudzidzimutse, muuzeni asanasunthe. Kupambana chifukwa mnzako sanawerenge buku la gulu lako si luso. Mukalephera kugwirizana, ponyani dayisi, wopambana atenge, mukafufuze bwino masewera akatha. Ndipo musachite manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula.

Za ndalama ndinena mwachidule, chifukwa manyazi ake akadalipo. Malamulo aakulu anasintha mu 2017, mu 2020 ndi mu 2023, ndipo pakatipo mapointi a magulu amakonzedwa pafupipafupi. Chimene chili champhamvu lero, mawa chikhoza kukhala wamba. Zimenezi n'zodziwika kwa aliyense, ndipo inenso ndinkazidziwa. Komabe ndikangomva kuti gulu lakuti ndi limene likupambana, ndinkathamangira kukagula. Ndisanamalize kumata, ndamva lina. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chaka china mayi anga anatumiza uthenga wa feteleza, ndipo ndinayankha kuti zinthu zathina. M'kabati mwanga munali mabokosi osatsegula n'komwe. Mayi sanadziwe. Ine ndikudziwa, ndipo ena mwa mabokosiwo ndili nawobe. Yambani ndi zazing'ono, monga Combat Patrol kapena Kill Team. Musagule bokosi lachiwiri loyamba lisanapentedwe. Penti muzisungunula ndi timadzi, muzipaka mopyapyala kawiri, kuti nkhope ya msilikali isakwiririke. Ndalama ya lendi ndi ya kumudzi isalowe m'sitolo ya tizidole. Isalowe ndithu.

Chatsala ndi nthano ya masewerawa, ndipo apa ndikufuna mutchere khutu, chifukwa ndamva ena a inu mukutamanda Imperium, ufumu wa anthu, ngati kuti ndi dziko lolilakalaka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nthanoyo imati Mfumu ya Anthu yakhala pa Mpando wa Golide, padziko la Terra, kwa zaka 10,000, yosafa koma yosakhalanso moyo. Tsiku lililonse anthu 1,000 okhala ndi mphamvu za m'maganizo amaperekedwa nsembe kuti mpandowo usazime. Ufumu wake umawotcha ofunsa mafunso. Umatha kupha dziko lathunthu ndi anthu ake onse pofuna kuthana ndi vuto limodzi. Akatswiri ake a makina amapemphera kwa makinawo chifukwa anaiwala mmene amagwirira ntchito. Olemba nthanoyi anachita dala kukokomeza nkhanza kuti aziseke ndi kuzidzudzula, ndipo mu 2021 Games Workshop inatulutsa chikalata chonena poyera kuti ufumu umenewu ndi chenjezo, si chitsanzo choti munthu atengere. Ine ndili wachinyamata ndinkangoona ziwombankhanga zagolide ndi zovala zonyezimira. Zinanditengera nthawi kuti ndione amene akupondedwa pansi pa nsapatozo.

Chimene chinanditsegula maso ndi nkhani ya Horus Heresy, ndipo ndinaimvetsa bwino nditakhala bambo. Mfumu ija inapanga ana aamuna 20, akazembe a nkhondo zake. Awiri anafufutidwa m'mbiri. Mwa 18 otsala, 9 anaiukira. Achinyamata mumathamangira kunena kuti milungu ya Chaos ndi imene inawanyenga. N'zoona, koma onani kaye zimene bambo wawo anachita. Angron anali kapolo womenya nkhondo m'mabwalo a Nuceria, ndipo atathawa ndi akapolo anzake n'kukonzeka kufera nawo limodzi, Mfumu inamukwatula yekha, anzakewo n'kuphedwa onse. Sanakhululuke. Lorgar ankapembedza bambo ake ngati mulungu. M'malo momukhazika pansi, Mfumu inalamula kuti mzinda wake wa Monarchia uwonongedwe, n'kumugwaditsa m'phulusa pamodzi ndi asilikali ake. Lorgar anapita kukafuna milungu ina, ndipo anaipeza. Magnus anayesa kuchenjeza bambo ake za kuukira kwa m'bale wake Horus pogwiritsa ntchito matsenga oletsedwa, n'kuwononga ntchito yachinsinsi imene Mfumu sinamuuzepo, ndipo dziko lake la Prospero linatenthedwa. Horus yemweyo, mwana wapamtima, anapatsidwa udindo wotsogolera nkhondo zonse, bambo n'kubwerera ku Terra osamuuza chifukwa chake. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, timatero. Kuno nkhuyu anadya ndi wamkulu, zinapota ana, kenako mlalang'amba wonse.

Sindikunena kuti oukirawo anali olungama. Anachita zoopsa zimene palibe angaziikire kumbuyo. Magulu enanso si oyera. A Aeldari anamira m'zosangalatsa mpaka anabereka mulungu woipa, Slaanesh, amene anameza ambiri a mtundu wawo. A Necrons anasinthanitsa matupi awo ndi chitsulo pothawa imfa, n'kutaya mizimu yawo. A T'au amalalikira ubwino wa onse, koma takaonani chimene chimachitikira wokana. Amene amaoneka osangalala ndi Orks okha, amene amakhulupirira kuti galimoto yopentedwa yofiira imathamanga kwambiri, ndipo kwa iwo imathamangadi. Sankhani gulu limene nkhani yake ndi maonekedwe ake zakugwirani mtima, chifukwa mudzakhala nalo maola ambiri muli chiweramire ndi burashi. Lipenteni, litchuleni mayina, lisewereni monyadira. Koma mbendera zake zitsale patebulo. Musadane ndi munthu wamoyo chifukwa kadole kanu kamadana ndi alendo.

Ngati mukufuna poyambira kuwerenga, tengani Horus Rising, buku la Dan Abnett la mu 2006. Pitirizani mpaka mufike pa nkhani za Lorgar ndi Angron. Mukamaliza mubwere, mudzandiuze pamaso panga ngati mukuonabe kuti Mfumu ija inali bambo wabwino. Mubwerenso ndi gulu lanu, lopentedwa.