Zotupa Zoyabwa Zosatherapo: Uthenga kwa Mabanja a m'Boma la Ntcheu

Prurigo nodularis ndi matenda a khungu amene sapezeka kawirikawiri, koma akagwira munthu amatha kumuzunza zaka zambiri, ndipo chizindikiro chake ndi zotupa zolimba, zazikulu ngati nzama, zimene zimayabwa usana ndi usiku. Dzinali analipereka ndi dokotala wa ku Chicago, James Nevins Hyde, m'chaka cha 1909. Zotupazi zimatuluka kunja kwa mikono, m'miyendo, pamimba ndi m'mapewa, mbali zonse ziwiri za thupi, pamene pakati pa msana, pomwe dzanja silifika, nthawi zambiri pamakhala posalala. Malo osalalawo ndi umboni wakuti zotupazi zimabadwa ndi kukanda: munthu akamakanda malo amodzimodzi kwa milungu yoposa 6, khungu limatupa, limakhuthala, ndipo mitsempha imene imamva kuyabwa imanyanyuka, kotero kuti wodwalayo amakandanso mowirikiza, ngakhale ali m'tulo.

Mabanja ambiri amayesa kuti ndi mphere, ndipo apa ndi pamene nthawi ndi ndalama zimatayikira. Matenda a mphere amayamba ndi kachirombo kakang'ono kamene kamaboola khungu, makamaka pakati pa zala, m'chiuno ndi kumaliseche, ndipo amafalikira kwa onse ogona nyumba imodzi, n'chifukwa chake mankhwala ake, monga benzyl benzoate, amapakidwa ndi banja lonse. Prurigo nodularis sapatsirana konse, choncho palibe chifukwa chompatulira wodwala mbale, mphasa kapena mpando wa kutchalitchi. Si khatenso, popeza mawanga a khate amachita dzanzi ndipo nthawi zambiri sayabwa.

Kawirikawiri kuyabwa kotere kumakhala ndi gwero lina m'thupi, monga kachirombo ka HIV, matenda a shuga, a impso, a chiwindi, kuchepa kwa magazi, kapena khungu limene mwachibadwa limauma ndi kuyabwa. N'chifukwa chake wachipatala akapempha kuyeza magazi kwa munthu amene wabwera ndi vuto la khungu, pempholo n'loyenera ndipo sikuti akumuganizira zoipa. M'Malawi muno mankhwala a ma ARV akhala akuperekedwa ulere kuyambira 2004, ndipo kuchokera 2016 aliyense wopezeka ndi kachiromboka amayamba mankhwala nthawi yomweyo. Kwa odwala ambiri otere kuyabwa kumachepa pamene chitetezo cha m'thupi chikubwerera, ngakhale kuti zimatenga miyezi.

Cholinga cha chithandizo ndi kuziziritsa kutupa ndi kuletsa kukanda, chifukwa zotupa sizingaphwe pamene zikhadabo zikuzivulazabe. Mankhwala oyamba ndi opaka a gulu la steroid, amene amachepetsa kutupa kwa khungu, monga betamethasone, amene amapakidwa pang'ono pachotupa penipeni kwa masiku amene wachipatala wanena, osati thupi lonse, osatinso kumaso, pokhala kuti akapakidwa mopyola muyeso khungu limapyapyala ndi kuyera mawanga. Chotupa chikapakidwa n'kumangidwa ndi bandeji kapena kansalu koyera usiku, mankhwala amalowa bwino ndipo zikhadabo sizifikapo. Mapiritsi a piriton omwera pogona amathandiza munthu kupeza tulo, koma amalemetsa maso, ndipo woyendetsa galimoto kapena kabaza ayenera kusamala nawo. Pa zotupa zokanika, dokotala wa khungu amatha kubaya mankhwala m'chotupa momwemo kapena kupereka mapiritsi ochepetsa ukali wa mitsempha. Ku America kunavomerezedwa jakisoni wa dupilumab m'chaka cha 2022, koma ndi wokwera mtengo kwambiri, ndipo chiyembekezo cha banja la ku Ntcheu chagona pa kutsatira mokhulupirika chithandizo chimene chilipo.

Zimene zimachitika pakhomo n'zofunika mofanana ndi mankhwala. M'madera okwera monga Tsangano ndi Lizulu, mphepo ya June ndi July imawumitsa khungu, ndipo kuwotha moto pafupi kapena kusamba madzi otentha kwambiri kumawonjezera kuyabwa. Wodwala asambe madzi ofunda, asadzikhule ndi mwala kapena chinkhupule, ndipo adzole Vaseline thupi likadali lonyowa, kawiri pa tsiku. M'chigwa cha Bwanje, kumene kumatentha, thukuta ndi udzudzu ndizo zimayambitsa kukanda, kotero kugona m'neti, kuvala zovala zopepuka zophimba mikono, ndi kuthana ndi nsikidzi ndi utitiri m'nyumba kumachepetsa vutoli. Zikhadabo ziwengedwe sabata iliyonse, ndipo kuyabwa kukafika povuta, ndi bwino kupsinja malowo ndi kansalu konyowa kozizira kusiyana ndi kukanda. Kutema mphini pa zotupa kumatsegula njira ya mafinya ndi zipsera, pamene mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika, amene ambiri ali ndi steroid wamphamvu, amaziziritsa kwa masiku ochepa kenako n'kuwononga khungu.

Wodwala amene wakhala zaka osagona bwino, akubisa mikono yake pa anthu, amatha kugwa m'maganizo, ndipo kumudzudzula kuti aleke kukanda sikuthandiza, chifukwa sachita dala. Zotupa zikayamba kutuluka mafinya, thupi likatentha, likamawonda, kapena maso akachita chikasu, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Aliyense amene wayabwidwa kupitirira milungu 6 atenge kabuku kake ka kuchipatala, akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kapena chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo mankhwala akapanda kuthandiza apemphe kalata yopitira ku chipatala cha boma cha Ntcheu, chimene chingathe kumutumiza kwa madokotala a khungu ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.