PHUNZIRO LA MWEZI UNO: TISUNGE BWINO, TIGULITSE MOKHULUPIRIKA

Kuno ku Salima chakudya sichibwera mofanana chaka chonse. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala mango amagwa okha mpaka kuwolera pansi pa mitengo. Nthawi ya madimba matimati amadzaza pa Kamuzu Road, ogulitsa n'kumachita kunyengerera ogula, koma mvula ikangokhazikika timagula atatu okha pa mtengo wa mulu wonse. Nkhwani ndi chisoso zimene timaponda m'munda mu Febuluwale ndi zomwe timazifuna mu Okutobala, dzuwa litawotcha paliponse.

Phunziro lathu likunena za kulima, kusunga ndi kugulitsa zapakhomo. Mfundo yake ndi imodzi: chakudya chosungidwa bwino chimapulumutsa banja ndiponso chimabweretsa ndalama, koma chosungidwa mosasamala chingathe kupha munthu. Choncho chimene sitingapatse ana athu, tisagulitse kwa ana a anzathu.

1. KADIMBA KA PAKHOMO

Dothi la m'mbali mwa nyanja, monga ku Senga Bay ndi ku Chipoka, ndi lamchenga ndipo silisunga madzi. Mankhwala ake ndi manyowa ndi kuphimbira. Tikumbe dzenje kuseri kwa nyumba, tiziikamo zinyalala zowola, phulusa, ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku, n'kumawazamo madzi pang'ono. Mapulasitiki ndi mabatire asalowemo. Tikabzala, tiphimbire ndi udzu kapena mapesi kuti chinyontho chisathawe, ndipo tizithirira m'mamawa kapena madzulo.

Amene alibe malo angathe kubzala m'matumba akale a chimanga kapena m'zidebe zobooka. Tisaiwale mbewu zathu zamakolo monga bonongwe, luni, chitambe ndi therere, chifukwa zimapirira kutentha kuposa kabichi. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi kuteteza ana ku matenda. Mtengo umodzi wa chammwamba ndi wina wa mandimu pakhomo ndi chuma, ndipo ntchito ya mandimuwo tiiona kutsogoloku.

Machenjezo awiri. Mgolo wothirira uzikhala wovundikira kuti udzudzu usaswanemo. Ndipo tikapopera mankhwala m'matimati, tiwerenge pa botolo masiku oyenera kudikira tisanathyole. Kuthyola lero zimene tapopera dzulo n'kudyetsa anthu poizoni.

2. KUFUTSA NDI KUYANIKA

Njira imeneyi anatisiyira agogo athu, ndipo mpaka lero ndi yotsika mtengo kuposa zonse. Tizilombo toononga chakudya timafuna madzi kuti tikhale ndi moyo. Tikachotsa madzi, chakudya chimakhalitsa.

Pofutsa nkhwani, khwanya, chitambe kapena kholowa, tithyole masamba anthete, titsuke ndi madzi abwino, tiwaviike m'madzi owira kwa mphindi 2 kapena 3 zokha. Kuwiritsa nthawi yaitali kumatha zofunika m'thupi. Tiyanike pa thandala, osati pansi pamene nkhuku ndi mbuzi zimadutsa, ndipo pakhale pamthunzi podutsa mphepo, pakuti dzuwa lamphamvu limawononga vitamini A. Mfutso wauma bwino ngati ukufumbutuka tikaufinya m'manja. Tiusunge m'chikwatu kapena m'chigubu chouma chotseka bwino.

Mango akupsa koma olimba tingathe kuwasenda, kuwadula mopyapyala, kuwaviika m'madzi a mandimu kuti asade, n'kuwayanika titaphimba ndi kansalu koyera koletsa ntchentche. Masikito sitiyanikirapo chakudya, chifukwa ali ndi mankhwala, ndiponso ntchito yake ndi kutiteteza ku malungo. Usipa ndi utaka nazonso ziume pa thandala. Amayi, tisayerekeze kuthira mankhwala a mbewu kapena ophera tizilombo pa nsomba zouma. Nsomba zikayamba kufumbwa, tiziyanikenso kapena kuziwamba.

Mdani wamkulu wa zouma ndi chuku. Chimamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino, n'kutulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Poizoniyu satha ndi kuphika kapena kukazinga. M'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chotere. Tisanyowetse mtedza pofuna kuti usendeke msanga, ndipo wowola ndi wonyala tiutaye, tisausinjire nsinjiro za phala la ana.

3. KUSUNGA M'MABOTOLO

Njira yotsekera chakudya m'mabotolo n'kuwiritsa anailongosola m'buku Mfalansa wina, Nicolas Appert, m'chaka cha 1810. Patapita zaka zambiri Louis Pasteur anasonyeza chifukwa chake imagwira ntchito: moto umapha tizilombo ta m'kati, ndipo chivindikiro chimaletsa tina kulowa. Koma pali kachilombo kamodzi kotchedwa Clostridium botulinum kamene kamakhala m'dothi, ndipo mbewu zake sizifa m'madzi owira. Kamakonda malo opanda mpweya, monga m'botolo lotseka. Kakamera kamatulutsa poizoni woopsa, ndipo nthawi zina chakudyacho sichinunkha kapena kusintha mtundu.

Chimene chimaletsa kachilomboka kumera ndi kuwawasa. Tsono lamulo ndi ili: pa mbaula kapena pa mafuwa tingasunge m'botolo zakudya zowawasa zokha, monga matimati othira mandimu, jamu wa zipatso ndi zoviika mu viniga. Nyemba, nandolo, nsomba, nyama, chimanga chachiwisi ndi masamba zimafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 121, kumene kumapezeka m'mapoto apadera otseka mpweya. Zimenezi tiziyanika basi.

Kasungidwe ka matimati:

(a) Tisankhe mabotolo agalasi osang'aluka, okhala ndi zivindikiro zachitsulo zopanda dzimbiri ndi zosapindika. Titsuke ndi sopo, tiwiritse mabotolowo kwa mphindi 10. Ifenso tisambe m'manja ndi sopo.

(b) Tisankhe matimati akupsa, opanda bala kapena mphutsi. Tiwaviike m'madzi owira kwa mphindi imodzi, tisende, tidule, tiwiritse kwa mphindi 5.

(c) M'botolo la theka la lita tithire supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu owawasa kwambiri; la lita imodzi, masupuni 2. Ngati mandimu palibe, viniga wa m'sitolo masupuni 4 pa lita. Muyeso umenewu tisachepetse. Anyezi, adyo, tsabola wobiriwira ndi mafuta tisaikemo, chifukwa zimachepetsa kuwawasa. Tidzathira tsiku lophika.

(d) Tithire matimati akadali otentha, tisiye mpata wa chala chimodzi pamwamba, tipukute kukamwa kwa botolo, titseke.

(e) Tiyale kansalu pansi pa poto wamkulu, tiimike mabotolo, tithire madzi otentha mpaka apitirire zivindikiro ndi zala ziwiri. Kuno kunyanja, kumene tili pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, botolo la theka la lita liwire mphindi 40, la lita mphindi 50. Anzathu a ku Lilongwe, Ntchisi ndi Dedza awonjezere mphindi 5, chifukwa kumtunda madzi amawira asanatenthe kwambiri. Tiyambe kuwerenga madzi atayamba kubwadamuka, ndipo moto usazilale.

(f) Titulutse, tisiye azizire usiku wonse. M'mawa chivindikiro chikhale chitalowa m'kati. Ngati chikudumpha tikachidina, botolo silinatseke. Tiphike matimatiwo tsiku lomwelo.

(g) Tilembe tsiku pa botolo, tisunge pamalo ozizira ndi amdima, tidye chaka chisanathe. Tikatsegula, tiwiritse kwa mphindi 10 tisanadye, ndipo ngati tilibe firiji timalize tsiku lomwelo.

Jamu wa mango savuta. Pa kilogalamu imodzi ya mango osenda ndi kusefa ulusi, tithire shuga wochepera pang'ono kilogalamu ndi madzi a mandimu awiri. Tiphike tikutakasa kuti asapserere. Tidonthezere pang'ono pa mbale yozizira. Ngati akuchita makwinya tikakankha ndi chala, wapsa. Tithire m'mabotolo owiritsa akadali wotentha, titseke, tiwiritsenso mabotolowo kwa mphindi 10. Kuchepetsa shuga pofuna kupulumutsa ndalama n'kuitana nkhungu.

Botolo lotupa chivindikiro, lodontha, lochita thovu kapena lonunkha titaye osalawa, ndipo tikwirire kuti ana, agalu ndi nkhuku asalipeze. Pano mwambi uja wakuti papsa tonola sugwira ntchito. Munthu akadya za m'botolo kenaka n'kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kugwa, kulephera kumeza kapena kulankhula, tithamange naye kuchipatala, titenge ndi botololo. Zizindikirozi kawirikawiri zimayamba pakati pa maola 12 ndi 36. Si ufiti, ndipo kuchedwa kungam'lepheretse kupuma.

Tikumbukirenso madzi. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Salima, anavutika kwambiri. Madzi a m'nyanja kapena a pachitsime chosatetezedwa tiziwiritsa kapena kuthira klorini tisanatsukire chakudya.

4. KUGULITSA KUDZERA PA FONI

Tikasunga zambiri, zina tingagulitse. Masiku ano msika suli pa Kamuzu Road pokha. Mayi wa ku Lifuwu angathe kujambula mpunga, mfutso kapena usipa wake, n'kuika pa WhatsApp kapena Facebook, wogula wa ku Lilongwe n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Momwemonso tingagulitse katundu amene sitikum'gwiritsanso ntchito: makina osokera, mipando, mapoto, zovala zimene ana azikula. Amene alibe foni ya intaneti apemphe mwana wamkulu kapena mnzawo wa m'gulu.

Kuti malonda ayende bwino:

Tijambule masana, chinthucho chili choyera, ndipo ngati chili ndi chilema tichionetse. Mpando wothyoka mwendo tinene kuti ndi wothyoka. Wogula amene tam'namiza sabweranso, ndipo amauza anzake.

Tiwerengere zonse tisanatchule mtengo: shuga, makala, mabotolo, thiransipoti, ndalama yodula potapa kwa ejenti, ndi thukuta lathu. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri aphunzira kuti mtengo wa mwezi watha sungagule katundu wa mwezi uno.

Pa chakudya tilembe dzina lake, zimene tathiramo ndi tsiku lokonza. Gulu likafuna kuika jamu m'masitolo, liyambe lafunsa ku Malawi Bureau of Standards za chiphaso. Safunsa anadya phula.

Katundu wa m'nyumba tigulitse titagwirizana ndi bambo ndiponso ena amene chinthucho chikuwakhudza. Zinthu za amasiye si zathu. Masikito olandira kuchipatala, mankhwala otsala ndi chiponde cha ana onyentchera sizigulitsidwa.

Tichenjere ndi akuba a pa foni. Ena amatumiza uthenga wooneka ngati wa ndalama pamene sanatumize kanthu. Tisapereke katundu tisanaone tokha ndalama zimene zili mu akaunti yathu. Ena amaimba akudandaula kuti atumiza ndalama molakwika ndipo tiwabwezere. Tiwauze aimbire kampani ya foni. Ena amanena kuti ndi ogwira ntchito kukampaniko ndipo akufuna nambala yathu yachinsinsi. Nambala imeneyo sitiuza munthu aliyense. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wogula amene akutifulumizitsa kwambiri ndi amene tiyenera kum'kayikira.

Wogula wosam'dziwa tikumane naye masana pamalo a anthu, monga pamsika kapena pa depoti, tili awiri. Tisatume mwana wamkazi yekha kukapereka katundu, ndipo tisaike pa intaneti zithunzi zoonetsa ana kapena m'kati mwa nyumba yathu. Potumiza pa minibasi, tilembe nambala ya galimoto ndi ya foni ya kondakitala, tim'patse wogula.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Ndi zakudya ziti zimene zimaonongeka kwambiri kwathu kuno, ndipo m'mwezi uti?
2. N'chifukwa chiyani sitiyenera kusunga nyemba kapena nsomba m'botolo pa mbaula?
3. Tikapeza kuti botolo limodzi mwa khumi amene tagulitsa latupa, tichite chiyani kwa amene agula enawo?
4. Kodi tingawathandize bwanji amayi achikulire ndi amasiye a m'gulu mwathu kuti asaberedwe pa foni?

NTCHITO YA MWEZI UNO

Mutu umodzi susenza denga. Poto wamkulu, makala ndi shuga n'zovuta kwa mayi mmodzi, koma amayi khumi akasonkherana zimatheka. Mayi aliyense abwere ku msonkhano wotsatira ndi mabotolo awiri otsuka ndi mandimu asanu. Atsogoleri apeze poto, wotchi ndi kope lolembamo tsiku ndi chiwerengero cha mabotolo. Ngati n'kotheka aitane mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi wa m'deralo kuti adzaonerere ndi kutiwongolera. Botolo loyamba likatseka bwino, lipite kwa wodwala kapena nkhalamba ya m'mudzi mwathu.