MAINA A ZIWALO ZA M'MIMBA MWA NG'OMBE NDI MBUZI

Inu eni makola, ng'ombe ikadwala mumatuma mwana kwa mlangizi wa ziweto ndi mau awa okha, akuti, "Ng'ombe yadwala m'mimba." Mlangizi pakumva cotero sadziwa coti anyamule, pakuti m'mimba mwa ng'ombe muli malo ambiri, ndipo malo ali onse ali ndi nthenda zace. Afika pakhola wopanda cipangizo coyenera, nabwerera kukacitenga, ndipo pofikanso apeza anthu alinkusenda cikopa. Cifukwa cace tifuna kuti mudziwe maina amene madokotala a ziweto achula nao ziwalozi. Mainawo ngacilendo, ocokera ku Cilatini ndi Cigriki, koma zinthu zace muzidziwa kale, popeza mwazigwira ndi manja anu potumbula nyama pa ukwati ndi pa maliro.

Ng'ombe ikamweta udzu siutafuna kwenikweni ai, ingoumeza, nutsikira m'njira ya kum'mero imene aicha oesophagus. Njirayi njopapatiza, ndipo mango, mbatata, cinangwa kapena citsononkho zikhoza kutsamwa m'menemo. Mukaona ng'ombe yatambasula khosi, malobvu alinkucuruka pakamwa, ndipo iyesa kumeza koma ilephera, musaimwetse madzi kapena mankhwala, cifukwa adzalowa m'mapapo. Musatokosenso ndi ndodo, mungaboole m'merowo.

Cakudya cikapitirira cifika m'cifu cacikuru, cija ca mkati mwaubweya ngati thaulo. Dzina lace ndi rumen. Cidzaza pafupifupi mbali yonse ya kumanzere ya mimba, ndipo m'ng'ombe yaikuru cikhoza kulowa malita oposa 100. M'menemo mukhala tizilombo tosawerengeka, tosaoneka ndi maso, timene tiwiritsa udzu monga uwira mowa mumbiya, ndipo ng'ombe ipeza mphamvu zace m'zimene tizilomboto tatulutsa. Ici ndico cifukwa cace ng'ombe inenepa ndi udzu umene munthu sangakhale nao moyo. Ikakhuta igona pamthunzi, nibweza cakudya kukamwa pang'ono pang'ono kuti icitafune bwino. Ife titi kubzikula, mau amene muwapeza pa Levitiko 11. Madokotala ati rumination. Ng'ombe imene yaleka kubzikula yayamba kudwala, cinkana iri ciriri.

Yesani ici lero lomwe pa ng'ombe yabwino, kuti mudzadziwe kusiyana kwace tsiku la tsoka. Imani ku mbali yace ya kumanzere, nimukanikize nkhonya m'cigwa ciri pakati pa nthiti yotsiriza ndi fupa la m'cuuno. Mudzamva cifu cirinkukwera ndi kutsika, kamodzi kapena kawiri pa mphindi imodzi. Mukadikira mphindi zitatu osamva kanthu, cifu caima, ndipo mau amenewo ndiwo afuna kumva mlangizi.

Tsono cinthu cowira citulutsa mpweya, ndipo ng'ombe iyenera kugeya usana ndi usiku. Mpweya ukalephera kutuluka, cigwa cija ca kumanzere cidzaza, kenaka cikwera kuposa msana, ndipo mukacimenya ndi cala cilira ngati ng'oma. Nthendayi aicha bloat, kapena tympany, ndiwo mau a Cigriki otanthauza ng'oma yomweyo. Cifu cotupa cipanikiza mapapo, ng'ombe ipuma ndi kukamwa, ndipo ikhoza kufa dzuwa lisanapendeke. Nthawi zina mpweya watsekeka cifukwa ca kutsamwa kuja. Pamenepo musaimwetse kanthu. Nthawi zina wasanganizika ndi cakudya nusanduka thobvu, makamaka ng'ombe ikadya ndi njala msipu wanthete wa mvula zoyamba, kapena masamba a nyemba ali ndi mame. Pa kutupa kwa thobvu imwetseni mafuta ophikira, theka la lita kwa ng'ombe yaikuru, supuni zazikuru zinai kapena zisanu kwa mbuzi, pang'ono pang'ono, osakweza mutu wace kwambiri. Palafini wa m'nyali ndi oilo wa galimoto musagwiritse nchito. Iimikeni pa culu, miyendo yakutsogolo iri kumtunda, ndipo mwana athamange. Mlangizi ali ndi citsulo cosongoka ca m'kacubu, cochedwa trocar ndi cannula, cimene aboola naco pa cigwa comweco kuti mpweya utuluke. Koma sacinyamula tsiku liri lonse, ndipo adzacitenga pokhapo mwanena kuti kwatupa ndi kumanzere.

Mbuzi yothyola nkhokwe, kapena yodya madeya mopitirira, idwala m'cifu momwemo, koma nthenda yace njina. Cimanga ciwira msanga, m'cifu musasa, tizilombo tabwino tifa, ndipo mbuzi idzandira nitsegula m'mimba. Imeneyo ndi acidosis. Musabise kwa mlangizi kuti yadya cimanga, ngakhale cinali ca m'nkhokwe ya mnansi wanu.

Patsogolo pa cifu cacikuru pali kathumba kamene mkati mwace muoneka ngati zisa za njuci. Ako ndi reticulum, ndiko kunena kaukonde. Popeza ng'ombe imeza mosasankha, misomali ndi tizidutswa ta waya zigwera m'menemo. Taonani tsono: kathumbaka kali pafupi ndi mtima, ndipo pakati pao pali mnofu wopyapyala wokha, uja wolekanitsa cifuwa ndi mimba. Waya akaboola, ng'ombe ipinda msana, ibuula pogona ndi podzuka, nikana kutsetsereka pamtunda. Tolani mawaya pomanga khola. Tolaninso majumbo apulasitiki, amene saola m'cifu koma apotana nakhala mtolo waukuru, ng'ombe nionda ciondere. Kuwacotsa kwace nkung'amba cifu, nchito imene aicha rumenotomy. Mau ali onse otsiriza ndi otomy anena kuceka.

Thumba lacitatu ndi omasum, lolimba ngati mpira, lokhala ndi masamba ambiri ngati a buku. Nchito yace yaikuru nkuyamwa madzi a m'cakudya, ndipo silibvuta kawirikawiri.

Lacinai ndi abomasum, losalala ndi loterera mkati. Ili ndilo cifu ceniceni, cofanana ndi canu, ndipo m'mwana wa ng'ombe woyamwa ndilo lalikuru koposa, pakuti mkaka ulowa m'menemo mosadzera m'cifu cacikuru. Eni mbuzi, musamale pano. Mbuzi ikafa yoonda, ambiri a inu mufuna nyongolotsi m'matumbo mokha, ndipo posazipeza muti yalodzedwa. Ng'ambani abomasum, nimuyang'anitse pa kuwala: mudzaona tinyongolotsi tofiira, topyapyala ngati ulusi, totalika masentimita awiri kapena atatu. Dzina lace ndi Haemonchus. Timayamwa mwazi, ndipo ticuruka nyengo ya dzinja. Pa mbuzi yamoyo tsitsani cikope ca pansi ndi cala. Mkati mwace mukatuwa m'malo mofiira, kapena pansi pa cibwano pakatupa madzi, mwazi watha, ndipo ifunika mankhwala a nyongolotsi msanga.

Matumbo pa Cigriki ndi enteron, ndipo mau otsiriza ndi itis anena kutupa kwa ciwalo ndi kupweteka kwace. Cotero enteritis ndi nthenda ya matumbo. Potuma mthenga nenani maonekedwe a ndowe, kaya zamadzi, kaya ziri ndi mwazi kapena mamina, ndi masiku amene zakhala cotero. Ciwindi ndi hepar, ndipo nthenda yace hepatitis. Mukaceka ciwindi nimupeza njira za ndulu zakhuthala ndi kuyera, ndi mkati mwace tinthu taphanthiphanthi ngati tsamba, amenewo ndi Fasciola, amene akulira m'tinkhono ta m'madambo, ndipo ng'ombe iwameza pamodzi ndi udzu wa m'mbali mwa madzi.

Pali kutupa kumodzi kumene simuyenera kukuyesa bloat. Ng'ombe ikafa mwadzidzidzi, mtembo nutupa msanga, ndipo mwazi wakuda wosaundana ulinkutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musaitumbule kuti muone za m'kati, pakuti ingakhale anthrax, nthenda imene ipha anthu omwe. Musadye nyama yace, musasende cikopa, ingitsani agalu ndi ana, nimuitane mlangizi, kuti iye akuuzeni moocha mtembowo kapena moukwirira mozama.